Momwe mungalumikizire leader ku chingwe cha braid powedza m'mitsinje ndi m'madamu a ku Mulanje

Chingwe cha braid chayamba kuoneka m'manja mwa owedza ambiri kuno, ena agula ku Blantyre, ena atumiziridwa ndi abale a ku South Africa. Munthu akangochikulunga pa reel, kachipangizo kokulungira chingwe pa ndodo yowedzera, funso limabwera lomweli: mbedza ndimange pa braid pomwepo, kapena ndilumikize kaye kachidutswa ka twaini kutsogolo, kaja amati leader? M'madzi athu ano, lumikizani. Malo oti mungawedze popanda leader alipo, ndiwatchula kumapeto, koma ndi ochepa.

Ambiri amaganiza kuti leader ndi yobisira nsomba chingwe basi. Zimenezo ndi zoona, koma chifukwa chachikulu kuno ndi miyala. Ruo, Likhubula, Lichenya ndi Thuchila yonse imatsika m'phiri, ndipo pansi pake pali miyala yambiri. Braid ndi timinsinga ta pulasitiki tinayi kapena tisanu ndi titatu tolukana pamodzi. Mukaikoka molunjika ndi yolimba zedi, koma ikakungika n'kukhudza m'mphepete mwa mwala, timinsingato timaduka kamodzikamodzi, ndipo chingwe cha makilogalamu 9 chimatha ngati ulusi wosokera. Twaini ya nayiloni kapena fluorocarbon ndi nsinga imodzi yonenepa, imakalika koma imapirira.

Chachiwiri, braid sitamuka. Nayiloni imatamuka ndithu, ndiye nsomba ikagwedeza mutu mwadzidzidzi pafupi ndi gombe, twaini ndiyo imalandira mphamvuyo. Popanda iyo, mbedza imang'amba mlomo wa makumba kapena kuwongoka. Chachitatu ndi thumba lanu. Braid ndi yodula kangapo kuposa twaini wamba, ndiye mbedza ikakodwa pansi ndi bwino kuti chiduke ndi kachidutswa ka mita imodzi, osati mamita 15 a chingwe chodulacho.

Sankhani leader yogwirizana ndi nsomba

Lamulo loyamba: leader ikhale yofookerapo kuposa braid. Ngati pa bokosi alemba 20 lb, amenewo ndi makilogalamu pafupifupi 9. Gawani nambala ya lb ndi 2.2 kuti mupeze makilogalamu.

Pa makumba ndi chilunguni, twaini ya mamilimita 0.20 mpaka 0.25 ndi yokwanira, ndiye kuti mphamvu ya makilogalamu 3 mpaka 5. Nsomba zimenezi zimayang'anitsitsa nyambo zisanadye, makamaka kuyambira June mpaka October pamene madzi amayera mpaka mchenga wapansi kuoneka. Nthawi imeneyo leader italike mita imodzi ndi theka, ngakhale awiri. Pa black bass wa m'madamu ena a m'maesiteti a tiyi, tengani 0.28 mpaka 0.33, kutalika mita imodzi. Madamu amenewo ali ndi eni ake, pemphani chilolezo musanaponye. Mlamba ndiye nkhani ina. Mano ake saluma n'kudula, amangokhala okhakhala ngati sandipepa, koma ukakodwa umathamangira kumizu ndi kumiyala. Muupatse 0.40 mpaka 0.50, masentimita 50 mpaka 70, ndipo braid yanu ikhale ya makilogalamu 15 kupita m'mwamba. Leader yotalika pa mlamba ndi kuwononga twaini chabe.

Amene mumatsikira kumunsi kwa mathithi a Zoa, pa mtsinje wa Ruo, kulowera ku Chiromo, kumeneko kuli tigerfish, nsomba ya mano akuthwa, ndipo palibe twaini imene ingapirire mano ake. Ikani waya wa masentimita 20 mpaka 30 kutsogolo kwa leader. Ng'ona nazo zili komweko, musaimirire m'madzi.

Fluorocarbon kapena nayiloni? Fluorocarbon imamira msanga, sioneka kwambiri m'madzi oyera, ndipo imapirira miyala. Koma ndi yodula komanso youma, imavuta kumanga. M'dzinja, madzi akafiira ndi dothi, musataye ndalama: nayiloni wamba imagwira ntchito chimodzimodzi. Chenjerani ndi ogulitsa ena amene amakupatsani twaini yolembedwa fluorocarbon ndi zilembo zazikulu, pansi pake n'kulemba "coated" ndi zing'onozing'ono. Imeneyo ndi nayiloni yongokutidwa pamwamba. Dulani kachidutswa, kanyowetseni, kakankhireni m'tambula ya madzi. Fluorocarbon yeniyeni imatsika pansi mwachangu, nayiloni imatsika pang'onopang'ono ngati ikukayika. Nayonso nayiloni yopachikidwa padzuwa pamsika miyezi yambiri imakhala itapsa kale. Mangani mfundo imodzi wamba pa nsonga yake n'kukoka mwadzidzidzi. Ikaduka mosavuta, kapena ikakusiyirani ufa woyera m'zala, isiyeni ngakhale atatsitsa mtengo.

Mfundo yolumikizira: apa ndi pamene zimavuta

Nsomba zambiri zimene zimathawa kwa anthu ogwiritsa ntchito braid sizidula chingwe ayi. Mfundo ndiyo imasololoka. Braid ndi yoterera, ndipo mfundo zimene tinazolowera pa nayiloni sizigwira pa iyo. Munthu amamanga monga amachitira masiku onse, amakoka ndi zala, zimaoneka zolimba, kenako mlamba ukakoka kamodzi leader yonse yapita.

Mfundo yoyenera kuyambira ndi imene amaitcha double uni. Ndi mfundo ziwiri zimene zimakumana n'kutsekerezana. Khalani pansi, chingwe chikhale pa maondo.

Gonekani braid ndi leader pamodzi, nsonga zikuloza mbali zosiyana, zipitirirane masentimita 25. Musaumire apa. Nsonga zazifupi ndizo zimachititsa kuti munthu azungulize kochepa chifukwa chingwe chamuthera.

Gwirani pakati ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala. Tengani nsonga ya braid, ibwezeni m'mbuyo kuti ipange kabwalo kogona pambali pa zingwe ziwirizo. Tsopano zungulizani nsongayo pa zingwe zonse ziwiri, mukudutsa m'kati mwa kabwaloko, ka 8 mpaka ka 10. Werengani mokweza. Kanayi kapena kasanu ndi ka nayiloni, pa braid sikokwanira. Ngati braid yanu ndi yopyapyala kwambiri, ipindeni pawiri kaye, kenako muzungulize ka 6 ndi chingwe chopindacho. Braid yopyapyala yosapinda imatha kudula leader ngati waya wodulira sopo.

Kokani nsonga pang'onopang'ono kuti mizere isonkhane, koma musakungitse. Yang'anani bwino. Mizere iyenera kugona motsatana ngati mikanda, wina pambali pa unzake. Mukaona umodzi wakwera pamwamba pa unzake, masulani, yambaninso. Mzere wokwera pa unzake ndiwo umadula mfundo ikalemedwa, ndipo mukakunga simungauonenso.

Tembenuzani, chitani chimodzimodzi ndi nsonga ya leader, koma apa zungulizani ka 5 ngati twaini ndi yopyapyala, ka 4 ngati ndi ya 0.40 kupita m'mwamba. Twaini yonenepa mukaizunguliza kambiri sikungika, imasiya mpata m'kati.

Tsopano nyowetsani mfundo zonse ziwiri ndi malovu, komanso kampata kali pakati pake. Osadumpha apa. Twaini youma ikakhuzana imatentha, ndipo fluorocarbon ikatentha imafooka pamalo amenewo ngakhale kunja ikuoneka bwinobwino. Mukaona kuti pafupi ndi mfundo twaini yachita mbuu kapena yapiringizika ngati tsitsi, yapsa, dulani.

Kokani zingwe zazikulu ziwirizo, osati nsonga, mpaka mfundo zitsetsereke n'kukumana. Kokani mosalekeza, osati modzidzimutsa. Braid musaikulunge pa dzanja lopanda kanthu, imacheka mpaka magazi. Ikulungeni ka 6 kapena ka 7 pa kamtengo kosalala kapena pa chogwirira cha supuni. Mfundo ikakungika bwino, braid imasintha mtundu, imaderako n'kuoneka ngati yonyezimira. Isanafike pamenepo, sinagwire.

Podula nsonga, ya leader iduleni pafupi, kusiya milimita imodzi kapena awiri, chifukwa yotalika imakodwa m'mphete za ndodo. Ya braid isiyeni mamilimita 4. Chodulira zikhadabo chimadula nayiloni bwino koma braid chimangoitafuna, ndiye pezani sizasi yakuthwa kapena lezala latsopano, ndipo dulani chingwe chili chokungika. Ena amawotcha nsonga ya braid ndi machesi kuti ipange kamutu. Zimathandiza, koma phimbani mfundo ndi zala zonyowa, popeza braid imasungunuka ndi kutentha kochepa kwambiri.

Musanapite kumadzi, iyeseni. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye chigubu ndi sikelo yanu. Leader ya makilogalamu 6 iyenera kunyamula chigubu chokhala ndi malita 4 popanda kudandaula. Nyamulani pang'onopang'ono ndi kamtengo kaja, osati ndi ndodo yowedzera. Ikaduka, yang'anani nsonga yotsalayo, chifukwa imanena chimene chalakwika. Yopiringizika ngati mchira wa nkhumba ndiye kuti mfundo yasololoka, onjezerani mizere. Yoduka pa mfundo penipeni ndiye kuti inapsa kapena mizere inakwerana. Mukakhala kumtsinje n'kupeza nsonga ya braid yachita ubweya, umenewo ndi mwala, ndipo leader yanu ndi yaifupi.

Mfundo imeneyi mangirani kunyumba, kukuwala. M'mawa wa chiperoni, zala zitachita dzanzi ndi kuzizira, chingwe chitanyowa, ngakhale wozolowera amalakwitsa kuwerenga. Yesererani ka 10 ndi zidutswa zakale musanakhudze braid yatsopano.

Ilipo mfundo ina yotchedwa FG, yopyapyala kwambiri, imene imadutsa m'mphete osamveka. Imafuna kuluka braid pa leader ka 20 chingwe chili chokungika. Ndi yabwino mukafuna leader ya mamita awiri kapena kuposa, koma yomangidwa mosakungitsa imasololoka yonse nthawi imodzi. Yambani mwadziwa double uni.

Njira yachidule ya swivel

Ngati mukuwedza mlamba pansi ndi nyongolotsi kapena matumbo a nkhuku, simufunikanso kulumikiza zingwe mwachindunji. Lowetsani mtovu woboola pa braid kuti uziyenda, kenako kamkanda ka pulasitiki, kenako swivel, kachitsulo kozungulira kokhala ndi bowo mbali zonse ziwiri kolumikizira zingwe. Kamkandako kamateteza mfundo kuti mtovu usamaimenye. Amene mumagwiritsa ntchito nati m'malo mwa mtovu, musailowetse pa braid, mano a m'kati mwake amaidya. Imangirireni pa kachingwe kakekake kofooka.

Braid imangeni ku swivel ndi mfundo ya Palomar: pindani chingwe pawiri, lowetsani pa bowo, mangani mfundo wamba osakunga, dutsitsani swivel m'kabwalo kotsalako, nyowetsani, kungani. Mbali ya leader mangani mfundo yanu ya masiku onse. Chimodzi chokha: swivel isalowe m'mphete ya kunsonga kwa ndodo. Imaswa kam'kati kosalala ka mpheteyo, ndipo mphete yosweka imadya braid nthawi iliyonse mukaponya. Ngati chingwe chikuchita ubweya popanda chifukwa, dutsitsani thonje m'mphete zonse. Pamene lakodwa ndi pamene pali mng'alu. Ma swivel otchipa a m'mapaketi opanda dzina ena amachita dzimbiri sabata imodzi n'kuleka kuzungulira, ayeseni ndi zala muli pomwepo pogula.

Zotsala

Pokulunga braid pa reel, yambani ndi mamita 10 a nayiloni pansi, kapena zungulizani selotepi, apo ayi chingwe chonse chizizungulira pa spool, mbali ya reel imene chingwe chimakulungidwapo, nsomba ikakoka. Drag, buleki ya pa reel imene imalola chingwe kutuluka nsomba ikakoka mwamphamvu, ichunidwe molingana ndi leader, osati braid: gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mphamvu yake. Pa leader ya makilogalamu 6, botolo la malita awiri lodzaza liziyamba kutulutsa chingwe. Poponya, mfundo ikhale kunja kwa reel, ndipo ngati n'kotheka kunja kwa mphete zonse. Mukagwira nsomba kapena kukodwa pamwala, yendetsani leader pakati pa zala. Pakhakhala, dulani, manganinso mbedza. Ikafupika kufika masentimita 40, ikani ina. Zidutswa zodulazo ikani m'thumba, zimakola mbalame ndi nkhanu.

Popanda leader mungawedze m'damu lodzaza udzu ndi bango, pamene mukuponyera bass nyambo yoyandama pamwamba. Braid imacheka udzu, ndipo mfundo yolumikizira imangotola zinyalala. Chimodzimodzi usiku pa dambo la matope lopanda miyala. Pamenepo mangani mbedza pa braid ndi Palomar, siyani nsonga ya mamilimita 5, ndipo masulani drag pang'ono kuposa masiku onse.