Momwe ndinapulumutsira mabuku anga a za Nazi ku chuku

Pa mabuku akale amene ndimatolera, amene ndimawakonda kwambiri ndi atatu ofotokoza milandu ya ku Nuremberg, mzinda wa ku Germany, ya 1945 mpaka 1946, pomwe akuluakulu a Nazi, chipani cha Hitler, monga Hermann Göring anaweruzidwa. Mabukuwa anasindikizidwa ku Britain nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, nthawi imene mapepala ankagawidwa moyeza, ndiye pepala lake ndi lopyapyala, lofiirira, losachedwa kung'ambika.

Mvula itagwa kwa masabata angapo, ndinatsegula limodzi n'kumva fungo la chinyontho. Pachikuto panali timadontho toyera ta chuku, ndipo pamapu a Dachau, msasa womwe a Nazi ankasungirako akaidi, kachilombo kanali katadya m'mphepete. Mtima unandiwawa.

Kuwayanika padzuwa ayi, pepala lotere limauma n'kuyamba kuthetheka. Ndinawaimika pakhonde pamthunzi, masamba atatambasulidwa, kuti mphepo izidutsa. Chuku chitauma ndinachichotsa ndi burashi yofewa, ndili panja, nditaphimba mphuno.

Tizilombo ndinathana nato ndi firiji. Buku lililonse ndinalimanga m'jumbo yakeyake n'kuliika mbali youmitsa kwa sabata yathunthu. Potulutsa sindinamasule jumbo mpaka tsiku lotsatira, kuti mame agwere kunja osati papepala. Apa m'pofunika kudekha ndithu.

Fungo linatha ndi makala. Ndinaika mabuku m'katoni pamodzi ndi mbale ya makala ouma, osakhudzana, kwa masabata awiri. Shelefu ndaisuntha kuchoka kukhoma lomwe limanyowa lija.