Ndalama za mwana ku Joni: khoti ndi laulere, musadyetse madobadoba

Banja likatha kuno ku Joni, ambirife timathamangira kuimbira ankhoswe kumudzi. Si kulakwa. Koma zimene ankhoswe amvana pa WhatsApp, zoti bambo azipereka R1,500 pakutha pa mwezi, kuno zilibe mano. Bamboyo akasiya mwezi wachitatu, malume ali ku Mangochi sangapite kwa abwana ake ku Germiston kukamudulitsa malipiro. Chimene chimaluma ndi chigamulo cha khoti basi.

Njira yake ndi yaifupi. Lamulo lake ndi Maintenance Act 99 ya 1998, ndipo khoti la majisitireti lililonse lili ndi ofesi ya zachisamaliro. Pitani ku khoti la dera limene mukukhala kapena kugwira ntchito, pemphani fomu ya J101, yopemphera ndalama za mwana. Tengani pasipoti, kalata yakubadwa ya mwana, umboni wa kumene mukukhala, mapepala a kubanki kapena a malipiro a miyezi itatu, malisiti a zimene mwana amadya ndi kuvala, komanso adiresi yeniyeni ya kunyumba ndi kuntchito ya kholo linalo. Simulipira ngakhale randi imodzi. Ngati Chingerezi chimakuvutani, nenani tsiku lomwelo kuti mudzafuna womasulira, apo ayi mlandu udzangoimitsidwa.

Tsono mverani bwino, chifukwa apa ndi pamene anthu athu akuphedwera. Pageti la khoti pamakhala dobadoba, ngati aja a kumaofesi a mapasipoti kwathu. Jekete, fayilo mkhwapa, Chichewa chake chosalala, mwina ndi wakwanu ndithu. Akuti, "Achemwali, mkatimo ndili ndi munthu wanga, mukalowa nokha mutha chaka." Ayamba ndi ya fomu, fomu yaulere ija. Mawa ya kufulumizitsa fayilo. Mkucha ya mafuta a wokapereka kalata yoitanira bamboyo kukhoti. Mayi wogwira ntchito yam'nyumba ku Randburg malipiro a mwezi wonse atha asanaone ndi khomo la ofesi lomwe.

Ndalama zotayikazo n'zochepa poyerekeza ndi zimene amawononga. Pofuna kukusangalatsani amalemba kuti mwana amadya R6,000 pamwezi, popanda lisiti ndi limodzi. Tsiku la mlandu wolumbira ndinu, iye foni yazima. Akakufunsani kuti chiwerengerochi chachokera kuti n'kusowa chonena, ngakhale zoona zanu zimayamba kukayikitsa. Adiresi ya bambo amangolemba yongoganizira, kalata siifika, mlandu n'kumangosunthidwa mwezi ndi mwezi. Choipitsitsa, ena amasunga pasipoti yanu ngati chikole. Abale anga, pasipoti sipatsidwa munthu wapageti, zivute zitani. Wina akati ndi loya, dzina lake lipezeke ku Legal Practice Council, bungwe lolembetsa maloya kuno. Akati wakutsegulirani mlandu, akupatseni nambala ya fayilo mukaifunse nokha pawindo.

Chida chawo chachikulu ndi mantha a mapepala: "Mukalowa nokha akuitanirani a Home Affairs." Gawo 28 la malamulo aakulu a South Africa limanena za mwana aliyense, silinena za mwana wa nzika yekha. Ngati chilolezo chanu chokhalira kuno chinatha ndipo mtima sukukhazikika, yambirani kwa odziwa malamulo enieni, monga Legal Aid South Africa, Lawyers for Human Rights kapena Scalabrini Centre ku Cape Town, osati kwa munthu amene amadyera mantha anuwo.

Tsopano inu achimwene. Kalata yakukhoti ikafika musaiike pansi pa matiresi. Mukapanda kupita, khoti lingathe kugamula inu kulibe, potengera zimene mayi wanena. Pitani ndi mapepala a malipiro, a lendi, ndi umboni wa ana ena amene mukulera kumudzi, pakuti udindowu ndi wa makolo onse awiri malinga ndi mapezedwe a aliyense. Ngati mukukayika kuti mwana ndi wanu, pemphani kuyezetsa DNA pamenepo, osati kumalankhulira kumowa. Ndipo siyani kupereka ndalama pamanja. Thumba la ufa, matewera, R500 yopatsirana pa siteji ya takisi, zonsezo mayi akakana ndiye kuti sizinachitike. Tumizani kudzera kubanki kapena Mukuru, lembani dzina la mwana ndi mwezi, sungani lisiti.

Chigamulo chikatuluka n'kudutsa masiku 10 osalipira, mayi angapemphe kuti abwana anu azidula pa malipiro kapena katundu wanu alandidwe. Kulephera mwadala ndi mlandu wofika zaka zitatu kundende, ndipo mlendo wokhala ndi mbiri ya mlandu amaona zakuda pokonzetsa chilolezo chokhalira. Ntchito ikatha musangokhala chete. Chigamulo sichidzisintha chokha, lembani fomu ya J107 yopempha kuchepetsa. Ngongoleyi siifa msanga: mu 2022 khoti lalikulu la apilo, Supreme Court of Appeal, linagamula kuti imakhala zaka 30. Komanso udindo wolipirawu suthera pamene mwana wakwanitsa zaka 18, umapitirira mpaka atayamba kudziimira.

Wothawira kumudzi asaganize kuti wapulumuka. Malawi ili pa mndandanda wa mayiko amene amathandizana ndi South Africa kukakamiza zigamulo zotere, pansi pa lamulo la 1963. Koma mapepala amayenda m'maofesi a maboma awiri, ulendo wa nkhono, ndipo popanda adiresi yomveka amangogona m'kabati. "Amakhala cha ku Area 25" si adiresi.

Za yemwe akhale ndi mwana, iwalani zoti kwathu n'kwa chikamwini ndiye ana ndi a mbumba, kapena kuti ng'ombe zinapita ndiye ana ndi a bambo. Children's Act 38 ya 2005 imayang'ana ubwino wa mwana. Bambo amene sanakwatire mayiyo alinso ndi ufulu pansi pa gawo 21, ngati ankakhalira limodzi ngati banja pamene mwana ankabadwa, kapena anavomera kuti ndi wake n'kumayesetsa kumulera ndi kumulipirira. Ofesi ya Family Advocate imathandiza kwaulere kulemba mgwirizano wa masiku, tchuthi ndi sukulu. Ulembetseni kuti ukhale ndi mphamvu. Achemwali, kukaniza bambo kuona mwana chifukwa sanalipire kudzakutembenukirani. Achimwene, kusiya kulipira chifukwa akukukanizani n'chimodzimodzi. Khoti limaziona ngati nkhani ziwiri zosiyana.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chizolowezi chokweza mwana basi ku Park Station, "akakhale ndi agogo," kholo linalo osadziwa. Kutulutsa mwana m'dziko muno kumafuna chilolezo cha onse amene lamulo limawatenga kuti ndi omuyang'anira, kapena cha khoti. South Africa ili mu pangano la ku Hague la 1980 lobweza ana otengedwa mozemba, koma Malawi mulibe. Choncho basi ikangodutsa Beitbridge n'kukalowa pa Mwanza, wotsalayo ayenera kukayambira makhoti a kwathu, pansi pa Child Care, Protection and Justice Act ya 2010, kwinaku ntchito kuno ikumudikira. Mukaona zikwama zikulongedzedwa, kapena pasipoti ya mwana yasowa pamene imakhala, thamangirani kukhoti tsiku lomwelo mukapemphe chiletso.

Za ndalama zothandizira mkazi kapena mwamuna mwini, ziwiri zokha. Kungolowana, ngakhale mutakhala zaka 15, mukasiyana sikukupatsani ufulu umenewo kuno. Ndipo okwatirana mwalamulo ayenera kuzipempha pa nthawi yothetsa ukwatiyo, pansi pa Divorce Act ya 1979. Chigamulo chikatuluka mulibemo, simungabwererenso. Ngati setifiketi ya ukwati munaisiya m'sutikesi kumudzi, itanitsani lero, ibwere ndi munthu amene mumamudziwa.