Pophunzitsa matensi a Chingerezi, yambani ndi dzulo ndi mawa

Aphunzitsi anzanga kuno ku Mzuzu, makamaka a Sitandade 5 mpaka 8, musathamangire kulowezetsa ana mayina a matensi. Jambulani mzere pabolodi: pakati mulembe today, kumanzere yesterday, kumanja tomorrow. Mwana aliyense aimirire, aloze pamzerepo, anene zake zenizeni: "Yesterday I went to Chibavi. Tomorrow I will go to Luwinga."

Zam'tsogolo sizivuta kwenikweni: will, kenako mneni osamusintha, basi.

Ntchito ili pa zakale. Ana akangomva kuti timawonjezera -ed, posakhalitsa mudzamva "goed" ndi "buyed". Musawakalipire, ndiye kuti lamulolo aligwira, kungoti aneni ena salitsata. Aneni ngati go, buy, eat ndi see apatseni pang'onopang'ono, asanu pa sabata akwanira, ndipo muziwaika m'nkhani ya kumsika. Wina afunse "What did you buy?", mnzake ayankhe "I bought usipa." Mndandanda wautali wopachika pakhoma ine sindiukhulupirira, ana amangouimba ngati nyimbo.

Chenjeraninso ndi did. Akangobwera did kapena didn't, mneni amakhala wosasinthidwa. Ndiye "Did you go?", osati "Did you went?", cholakwika chomwe chimawatsatira ana ambiri mpaka pa mayeso a Sitandade 8.