Mmene mungaigwirire nkhani ya Cold War osachita kuloweza ngati nyimbo

Chaka chilichonse ndimaona zomwezi, mwana wa Fomu 4 waloweza Yalta, Potsdam, Truman Doctrine, Marshall Plan, zaka zonse zili m'mutu, koma ukangomufunsa kuti nanga anthu amene anagwirizana kugwetsa Hitler anadana bwanji pasanathe ndi zaka zitatu zomwe, amangoti kukamwa yasaa. Zimandipweteka chifukwa nkhani ya Cold War imeneyi, mkangano wa America ndi Soviet Union nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, siyovuta ayi, kungoti timaiyambira kumchira. Ndiye ndati ndikuuzeni mmene ine ndimachitira.

Poyamba tsekani kaye kope. Tengani pepala ndi pensulo mujambule Germany, asachite kukongola, olo aoneke ngati mbatata palibe kanthu. Mudule panayi, kum'mawa lembani Soviet Union, mbali ya kumadzulo mugawire Britain, America ndi France. Kenako mkati mwenimweni mwa gawo la Soviet muike kadontho, ameneyo ndi Berlin, ndipo kadonthoko mukadulenso panayi. Kuchoka kumalire a azungu akumadzulo kukafika pa kadonthoko ndi makilomita ngati 160, tingoti kuchoka ku Lilongwe kukafika cha ku Ntcheu, msewu onsewo ndi njanji yomwe zili m'manja mwa asilikali a Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union. Pepala limeneli musataye, theka la nkhani yonse lili pamenepo.

Mukatero, pa mtsogoleri aliyense muzidzifunsa mafunso awiri okha basi, akuopa chani, nanga m'manja ali ndi chani. Stalin dziko lake linataya anthu pafupifupi 27 miliyoni pa nkhondo yachiwiri ija, midzi ndi mafakitale zinapsa, ndipo adani akamabwera amadzera njira imodzimodzi ya ku Poland, Napoleon mu 1812 anadzera konko, Hitler mu 1941 chimodzimodzi. Ndiye iye amafuna mayiko oyandikana naye akhale omumvera, akhale ngati mpanda, komanso Germany isadzadzukenso. M'manja anali ndi asilikali ankhaninkhani amene anali atakhala kale mu Poland, Hungary, Romania ndi Bulgaria. America nayo inali ndi ndalama ndi bomba la atomiki, mantha ake anali oti anthu anjala a ku Europe athamangira ku chikomyunizimu, komanso amakumbukira za ku Munich mu 1938 pomwe ananyengerera Hitler mapeto ake nkhondo inabukabe, ndiye samafuna kunyengereranso munthu wina. Mukagwira izi muona kuti china chilichonse chimene mbali imodzi imachita podziteteza, inzake imachiona ngati chiwembu.

Yalta ndi Potsdam ambiri mumasokoneza, njira yake njophweka, lembani maina a anthu amene anakhala patebulo. Ku Yalta mu Febuluwale 1945 kunali Roosevelt wa America, Churchill wa Britain ndi Stalin, nkhondo inali isanathe, Hitler akadali moyo, ndiye aliyense amafuna mnzake. Anagwirizana zogawa Germany, zoyambitsa United Nations, zoti Soviet Union idzalowe nkhondo yolimbana ndi Japan, komanso zoti mayiko omasulidwa achite zisankho zaufulu. Mawu akuti zisankho zaufuluwa muwadule mzere kunsi chifukwa aliyense anachoka pamenepo akuwamva mwa njira yake. Pofika ku Potsdam mu Julayi chaka chomwecho Germany inali itagonja mu Meyi, Roosevelt anali atamwalira mu Epulo pampando pali Truman amene sankamukhulupirira Stalin, Churchill naye analuza chisankho msonkhano uli mkati nkulowa Attlee. Wotsala pa atatu aja anali Stalin yekha. Onjezerani kuti pa 16 Julayi, kutatsala tsiku limodzi kuti msonkhano uyambe, America inayesa bomba lake ku New Mexico ndipo linaphulika bwinobwino. Mdani amene amawagwirizanitsa kulibe, nkhope zasintha, wina wapeza chida choopsa, mukufunanso chifukwa china chanji choti mawu asinthe?

Zapakatizi musachedwe nazo, muzingozilumikiza ngati unyolo. Malichi 1946 Churchill akulankhula ku Fulton ku America kuti katani yachitsulo, Iron Curtain ija, yatsika kuchokera ku mzinda wa Stettin mpaka ku mzinda wa Trieste, kudula Europe pawiri. Malichi 1947 Truman akupempha madola 400 miliyoni othandizira Greece ndi Turkey kuti asagwe m'manja mwa achikomyunizimu, ndiyo Truman Doctrine ija. Juni 1947 Marshall, nduna ya zakunja ya America, akulengeza Marshall Plan, thandizo lomanganso Europe lomwe linafika madola pafupifupi 13 biliyoni, Czechoslovakia inafuna kulandira nawo koma Stalin anaikaniza, ndipo mu Febuluwale 1948 achikomyunizimu analanda boma kumeneko. Chilichonse apa chikuyankha chinzake.

Tsopano bwererani ku mbatata yanu ija chifukwa apa ndi pomwe pali nyama. Mu Juni 1948 akumadzulo anabweretsa ndalama yatsopano, Deutsche Mark, m'magawo awo, poti ndalama yakale inali yopanda ntchito moti anthu amagulana zinthu ndi ndudu za fodya. Kwa Stalin izi zimatanthauza kuti Germany yakumadzulo ikudzuka ndipo ikudzukira kwa America. Pa 24 Juni anatseka misewu, njanji ndi njira za pamadzi zonse zopita ku West Berlin. Ikani chala pa kadontho kaja muganize, anthu oposa 2 miliyoni ali mmenemo, chakudya chikutha, malasha ophikira ndi owothera kulibe, ndipo dzinja la kumeneko si la ku Dedza, madzi amachita kuundana. Truman akanatumiza akasinja kuti athyole msewu ndiye kuti nkhondo yachitatu, akanachoka mu Berlin ndiye kuti Europe yonse yaona kuti America ndi yothawa. Anasankha mlengalenga, chifukwa panali mgwirizano wolembedwa kale wa njira zitatu za ndege zolowera mu Berlin. Ndege za America ndi Britain zinayamba kutera pa mabwalo a ndege a Tempelhof ndi Gatow usana ndi usiku, nthawi zina pakangopita mphindi zochepa ina yatera, zitanyamula ufa, mkaka waufa, mankhwala, koma katundu wambiri anali malasha. Anthu a mu Berlin, amayi ambirimbiri ali momwemo, anamanga bwalo lina la ndege la Tegel m'miyezi itatu yokha. Maulendo onse anaposa 270,000, katundu matani oposa 2 miliyoni. Apa mpira unabwerera kwa Stalin, kuti aimitse zimenezi amayenera kuwombera ndege, ndiye kuti woyamba nkhondo ndi iyeyo. Sanawombere, ndipo pa 12 Meyi 1949 anatsegula misewu. Ine ndimaona kuti mukamvetsa nkhani ya Berlin imeneyi mwamvetsa chifukwa chake nkhondoyi amaitcha yozizira, onse awiri amakankhana mpaka kumphepete koma palibe amafuna kukhala woyamba kukoka mfuti.

Zotsatira zake muzilembe pansi pa mapu omwewo, NATO, mgwirizano wa zankhondo wa akumadzulo, mu Epulo 1949 ndi mayiko 12, West Germany mu Meyi, East Germany mu Okutobala, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho Soviet Union nayo inaphulitsa bomba lake la atomiki. Warsaw Pact, mgwirizano wa zankhondo wa mbali ya Soviet, inabwera mochedwerako, 1955, musaiphatikize ndi za 1949 monga ambiri amachitira.

Pa mayeso chonde musamalembe ngati mukuweruza mlandu kwa amfumu kuti wolakwa ndi uyu yekha. Stalin anaphwanyadi lonjezo la zisankho ku Poland, zimenezo nenani mosaopa, koma onetsaninso chomwe America inachita chimene chinamuwonjezera mantha, ndipo mfundo iliyonse izikhala ndi chaka chake ndi chifukwa chake pambali.

Madzulo ano muitane mng'ono wanu kapena mnzanu wa mu hostel, muike pepala lija pakati, kope litsekedwe, mumufotokozere nkhani yonse m'Chichewa kuchokera ku Yalta mpaka ndege yomaliza. Pomwe mwakakamira ikani chizindikiro, mukawerengenso pokhapo, mawa lake ndiye muilembe m'Chingerezi mukudzitchera mphindi 30.