Mmene wosewera mpira angakhalire mphunzitsi, potsata njira ya Shota Arveladze

Yambani maphunziro a uphunzitsi mukadasewera, chifukwa ziphaso za UEFA, bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya, zimayambira pa C, kenako B ndi A, mpaka Pro, imene imafunika m'maligi akuluakulu a ku Ulaya.

Mukasiya kusewera, musathamangire udindo waukulu. Arveladze wa ku Georgia, yemwe ankamwetsa zigoli ku Ajax ndi Rangers, anayamba mu 2008 ngati wothandizira Louis van Gaal ku AZ, timu imene inatenga ligi ya Netherlands mu 2009. Ndimakhulupirira kuti kuonera pafupi momwe mphunzitsi wamkulu amasankhira osewera n'kumene kunamukhwimitsa.

Timu yoyamba muisankhe m'dziko limene mukulidziwa bwino. Arveladze anatenga Kayserispor mu 2010, ku Turkey komwe anasewerapo kale mu Trabzonspor.