Mankhwala a BP ndi mafuta a m'magazi, yambani ndi kuwerenga buku lanu

Ambiri a BP amangodziwa kuti kapilisi ka m'mawa kamatsitsa BP basi, koma ena mwa mankhwalawa amakhudzanso kolesterol, mafuta aja amayenda m'magazi. Ndiye choyamba tsegulani buku lanu la kuchipatala muone dzina lenileni la zomwe anakulemberani, osamangoti "timapilisi toyera tija" ayi.

Mukapeza HCT, hydrochlorothiazide, uja amakodzetsa pafupipafupi, dziwani kuti amatha kukweza kolesterol ndi ma triglycerides (mtundu wina wa mafuta a m'magazi) pang'ono makamaka ukamamwa wambiri ngati 50mg kupita m'mwamba. Pa 12.5mg kapena 25mg amene ambiri amapatsidwa kusintha kwake n'kochepa ndithu, musachite nazo mantha. Propranolol ndi atenolol nawo amakweza ma triglycerides n'kutsitsanso HDL, kolesterol wabwino uja amathandiza kuchotsa mafuta m'mitsempha. Amlodipine, nifedipine, enalapril ndi losartan iwo mafutawa sawasokoneza.

Kenako pemphani akuyezeni magazi, amati lipid profile. Nthawi zambiri amakuuzani mubwere m'mawa musanadye, maola 9 mpaka 12 mimba ili pululu, madzi okha, tiyi wa shuga ayi ndithu chifukwa amakweza manambala a triglycerides. Zotsatira azilembe m'buku kuti ulendo wina muziyerekeza. Kolesterol yense akhale pansi pa 5 mmol/L, ma triglycerides pansi pa 1.7. Ndipo tisanamizane, mowa ndi chipisi cha pachiwaya tsiku ndi tsiku zimakweza mafutawa kuposa kapilisi kaja.

Manambala akakwera musasiye mankhwala panokha, pepani. Makamaka atenolol ndi propranolol, ukangosiya mwadzidzidzi mtima umayamba kugunda mothamanga BP n'kudumpha, ndipo kwa munthu amene ali kale ndi vuto la mtima zitha kuipa kwambiri. Bwererani kwa adokotala ndi zotsatira zija, iwo atha kuchepetsa mlingo, kukusinthirani ku carvedilol amene sasokoneza mafuta kwenikweni, kapena kukuwonjezerani statin, mankhwala otsitsa kolesterol.

Apa pali kamsampha kena. Ngati mukumwa amlodipine ndiye akupatsani statin wotchedwa simvastatin, simvastatinyo asapitirire 20mg patsiku chifukwa amlodipine amachititsa kuti achuluke m'magazi, mapeto ake minofu kuwawa ndi kufooka. Ngati mankhwala ena munagula ku famase ndipo sali m'buku, nyamulani timapaketi tonse mukawaonetse.