Momwe mungabwezeretsere kunyezimira kwa penti ya galimoto mukatha kuipaka clay bar

Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala ndinathera tsiku lonse pa Toyota yanga yakuda, clay bar (kachidutswa konga dongo lofewa kotsukira penti) m'manja. Pofika madzulo boneti inali see, dzanja likungotsetsereka ngati pagalasi. Koma kutacha, dzuwa litawomba, penti inkaoneka mbuu, ndipo pachitseko cha dalaivala panali tizikanda tambirimbiri topingasana ngati ulusi wa kangaude. Mtima unandiwawa, ndinkayesa kuti ndaononga galimoto. Mmisiri wina wachikulire wopenta galimoto, nditamuonetsa, anangoyendetsa chikhatho pachitsekopo n'kunena kuti, "Achimwene, apa mwangosesa pabwalo, kuzira simunazire." Ankanena zoona, ndipo ambiri timasiyira ntchitoyi pakati pomwepo.

Clay bar ntchito yake n'kuzula zinthu zomwe zakanirira pa penti, zosachoka ndi sopo: timadontho ta phula la mumsewu, utomoni wa mitengo, fumbi la zitsulo lochokera kumabuleki, ndi nkhungu ya penti youluka kuchokera kumagalaja. Galimoto zathu zambiri zochokera ku Japan zimakhala masabata angapo padoko la Dar es Salaam, Durban kapena Beira, pafupi ndi njanji ndi makina onyamula katundu, ndiye zimafika kuno zitadzaza tizitsulo totere. Pa galimoto yoyera mumationa ngati timadontho tadzimbiri. Clay bar imazichotsadi zimenezi, koma pozikoka imasiya tizikanda tosaya, komanso imapita ndi wax (phula lopaka poteteza ndi kuwalitsa penti) yense amene anali pamwamba. Penti imatsala yoyera koma yamaliseche.

Musanagwire botolo la polishi, mvetsani chimene mukufuna kuchita. Penti ya galimoto zamasiku ano imakhala ndi magawo atatu: primer (penti yoyamba yothandiza kuti zinazo zigwire pa chitsulo) pansi, kenako mtundu weniweniwo, pamwamba pake clear coat yomwe imaonekera ngati madzi. Kunyezimira konse kumachokera pa clear coat imeneyi ikakhala yosalala, chifukwa kuwala kumabwerera molunjika osabalalika. Kupolisha ndiye kusenga pang'ono clear coat kuti ifanane ndi pansi pa tizikanda tija. Vuto n'lakuti ndi yopyapyala zedi, kawirikawiri ma micron 40 mpaka 50 (ma micron 1,000 ndiwo milimita imodzi). Majumbo omwe lamulo la 2015 linaletsa kuno ku Malawi ndi osakwana ma micron 60, ndiye clear coat ya galimoto yanu ndi yopyapyala ngati jumbo yoletsedwayo. Yomwe mwasenga siimeranso. N'chifukwa chake ine ndimalimbikira kuti muzichotsa pang'ono momwe mungathere.

Yambani ndi kutsukanso

Madzi oterera omwe munkathira popaka clay bar amasiya zotsalira, choncho tsukani galimoto yonse kachiwiri. Tengani ndowa ziwiri, ina ya madzi a shampu ya galimoto, ina ya madzi okhaokha otsukuluziramo nsalu musanaibweze m'sopo. Yambani padenga kutsikira pansi. Sopo waufa wochapira zovala musayerekeze, amakanda komanso amaumitsa malabala a m'mbali mwa magalasi. Pukutani ndi nsalu ya microfibre madzi asanaume okha, makamaka ngati ndi a pa mjigo, chifukwa mchere wake umasiya mawanga oyera ovuta kuchotsa.

Ntchito yonseyi ichitikire pamthunzi, chitsulo chili chozizira. Pansi pa mtengo wa mango kapena jakaranda ayi, mbalame ndi utomoni zidzakubwezani mmbuyo. M'galaja kapena pakhonde la malata ndiye pabwino, ndipo nyengo yotentha yambani m'mamawa.

Ionetseni penti ku tochi

Apa musathamange. Yatsani tochi ya foni, muiyandikize pa penti mopendeketsa, malo akhale amdima pang'ono. Mudzaona zomwe dzuwa linandionetsa ine. Pokandika pamene mukukayika, yendetsanipo chikhadabo modutsa. Chikhadabo chikapanda kukodwa, polishi athana napo. Chikakodwa, kukandikako kwalowa kwambiri, ndipo mukalimbana napo mpaka pafafanizike mudzaboola clear coat. Pamenepo cholinga chikhale kungopazimbaitsa, kapena mupasiyire wopenta.

Vekaninso dzanja jumbo yopyapyala n'kuliyendetsa pang'onopang'ono pa penti. Mukamva kukhakhala ngati mchenga, clay bar sinamalize pamalopo, bwerezani kaye. Kupolisha pamwamba pa mchenga ndi kuwonjezera zikanda.

Chinanso choti mudziwe ndi mtundu wa penti. Pakani kapolishi pang'ono pa nsalu yoyera, mupukute pamalo obisika. Nsalu ikatenga mtundu wa galimoto, ndiye kuti pentiyo ilibe clear coat, monga zimakhalira pa mapikapu akale ndi galimoto zina zopentedwanso. Imeneyo imapolishika bwinobwino, kungoti siponji imadetsedwa msanga. Galimoto ikakhala kuti yangopentedwa kumene, penti imafuna mwezi umodzi mpaka itatu kuti iume mpaka mkati musanaiphimbe ndi wax, choncho funsani amene anapentayo. Penti yosawala ya matte siipolishidwa n'komwe.

Matani tepi ya pepala pa mapulasitiki akuda, pa malabala, pa zilembo za dzina la galimoto ndi m'mphepete mwa zitseko. Polishi akalowa m'pulasitiki wokhakhala amasiya zoyera zosafuna kuchoka, ndipo m'mphepete ndi momwe penti imakhala yopyapyala kuposa paliponse.

Kupolisha kwenikweni

M'masitolo a zipangizo za galimoto mupeza mitundu iwiri yomwe anthu amaisokoneza. Compound ndi wokhakhala, amasenga kwambiri, ndiye uja amisiri amagwiritsa ntchito akatha kupenta, monga Farecla G3. Polishi womalizira ndi wosalala, amasenga pang'ono kwambiri. Tizikanda ta clay bar nthawi zambiri timatha ndi womalizirayu. Penti ya galimoto zambiri za ku Japan ndi yofewa, yakuda makamaka, siichedwa kukandika komanso siichedwa kukonzeka, ndiye kuyamba ndi compound n'kungotaya clear coat pachabe.

Sankhani kamalo koyesera pa boneti, masentimita 50 mulitali ndi 50 mulifupi. Yesani polishi wofewa ndi siponji yofewa. Pukutani, unikani ndi tochi. Pakaoneka bwino, njira ndi yomweyo galimoto yonse. Pakakana, bwerezani kachiwiri, ndipo mukalepheranso m'pamene mungatenge compound, kenako n'kumalizira ndi wofewa uja kuti achotse chifunga chomwe compound amasiya.

Ngati mukupolisha ndi manja, dontheza madontho atatu kapena anayi aakulu ngati nsawawa pa kasiponji kopakira. Tsindikani moyenerera ndi chikhatho chonse, chifukwa nsonga za zala zimasiya mizere. Yendetsani cham'litali kenako cham'bali, mpaka polishi atayamba kuonekera ngati mafuta. Musamudikire aume. Pukutani ndi nsalu ya microfibre yoipinda kanayi, ndipo mbali ikadetsedwa tembenuzani. Ndi manja galimoto yaing'ono ngati Vitz kapena Mira ikhoza kukudyerani tsiku lathunthu. Palibe cholakwika kuchita boneti ndi denga lero, zitseko mawa.

Ngati muli ndi makina, abwino kwa munthu wongoyamba ndi a dual action, omwe amazungulira uku akugwedezeka, motero satenthetsa malo amodzi. Gunditsani siponji pa penti musanayatse, kuopa kumwaza polishi ponseponse. Mwazani pa liwiro la 1 kapena 2, kenako kwezani kufika pa 4 kapena 5. Siponji igone yonse pa penti, dzanja liziyenda pang'onopang'ono, masentimita awiri kapena atatu pa sekondi, mzere uliwonse uzikwera theka la mzere unzake. Kudutsa kanayi kapena kasanu pa kamalo kamodzi n'kokwanira. Mukamaliza chitseko chimodzi, palani siponji ndi kabulashi, chifukwa polishi wouma amene waunjikana ndiye amayambanso kukanda.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndimachiona m'malo ena otsukira galimoto ndipo chimandidetsa nkhawa: kumangirira siponji kapena chikopa cha nkhosa pa grinder yodulira zitsulo. Grinder yaing'ono imazungulira maulendo oposa 10,000 pa mphindi, pomwe makina opolishira ozungulira amathera cha m'ma 3,000, ndipo amisiri sawafikitsa n'komwe pamenepo. Ndinaonapo bampa yomwe inapsa motere m'kanthawi kochepa, penti itakwinyika ngati khungu la mkaka wowira. Pakatero palibenso mankhwala koma kupenta. Wina akakuuzani kuti akupolishirani msangamsanga, yambani mwaona makina ake.

Pukutani mafuta, muone zoona zake

Polishi amakhala ndi mafuta omwe amadzaza tizikanda n'kutibisa, moti mutha kukondwa lero, pakatha masabata awiri tizikanda tonse tabwerera. Sakanizani gawo limodzi la isopropyl alcohol (mtundu wa spiriti yopukutira zinthu) ya 70 peresenti ndi magawo atatu a madzi oyera, thirani pa nsalu, pukutani mopepuka, muunikenso. Zimenezi zimathandizanso kuti wax agwire bwino. Thinner ndi petulo zisayandikire penti.

Phimbani tsiku lomwelo

Penti yopolishidwa isagone panja yosaphimbidwa, dzuwa lathu ndi fumbi la chilimwe sizichedwa. Wax wa carnauba, wochokera ku masamba a mgwalangwa wa ku Brazil, amapatsa galimoto yakuda kapena yofiira maonekedwe akuya ngati yanyowa, koma kotentha ngati ku Chikwawa kapena Salima musamuwerengere kupyola miyezi iwiri. Sealant, wopangidwa m'fakitale, amatha kufika miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi, ndipo kwa galimoto yogona panja ine ndimasankha ameneyu. Ceramic coating, mankhwala amadzi omwe akauma amalimba ngati galasi pamwamba pa penti, imakhala chaka kapena kuposa, koma ikauma molakwika imachoka ndi makina okha, ndiye poyamba musathamangire imeneyo.

Chilichonse chomwe mwasankha, pakani mopyapyala kwambiri, mongoti muziona kachifunga kokha. Kuunjika sikuwonjezera kuwala, kumangovutitsa popukuta. Dikirani mphindi zomwe zalembedwa pa botolo, kenako yendetsani chala. Chikasiya mzere woyera bwino, wauma, pukutani. Chikapaka zonona, dikiraninso. Sealant wambiri amafuna maola 12 mpaka 24 asanakhudze madzi, choncho nyengo ya dzinja yang'anani kaye kumwamba.

Kuyambira pamenepo, fumbi musamalipukute ndi nsalu youma m'mawa uliwonse, ndiko kumene tizikanda tozungulira timachokera. Thirani madzi kaye. Zitosi za mbalame zichotseni tsiku lomwelo, mutazifewetsa ndi nsalu yonyowa. Mukaona kuti madzi asiya kupanga timikanda pa boneti, akungoyala thapsa, pakaninso wax kapena sealant popanda kupolisha. Clay bar ibwererenso pokhapokha jumbo ija ikamva kukhakhala, kamodzi kapena kawiri pa chaka. Toyota yanga ija ndinaipolisha ndi manja masiku awiri, ndipo chikanda chimodzi chakuya pafupi ndi chogwirira chitseko ndinachisiya dala, chilipobe mpaka lero.